Achemwali Anga Tinawaika Popanda Mbendera

Ine ndimakhala ku Kawale. Achemwali anga anali msilikali woyendetsa ndege, ndipo ankanyamula ovulala kunkhondo kunja kwa dziko lino. Atamwalira mwezi wathawu, asilikali anzawo anabwera ndi mbendera kuti aphimbe bokosi.

Amalume anakana. Anati, "Mbendera ndi mfuti n'za amuna. Uyu ndi mwana wamkazi, timuika mwachitchalitchi basi."

Ndinasowa pokhala. Ndinkangolowa n'kutuluka m'nyumba ya siwa. Kenako ndinawagwadira amalume aja. "Amalume, nanga popita kunkhondo paja, bwanji simunawaletse kuti ndi wamkazi?"

Koma amalume sanasinthe maganizo. Kumanda asilikali aja anaimirira chapatali, mbendera ili yopindapinda m'manja.

Mpaka lero amalume akabwera kwathu, moni amandikanika. Omvera anzanga, ndikanatani ine?