Mwana wa pa Chitini cha Mkaka

Olemekezeka wapampando wa bungwe loona za mitengo ya zakudya, akuluakulu ochokera ku unduna, eni makampani ndi masitolo, amayi ndi abambo a mumsika, atolankhani, ndi nonse amene mwabwera kudzaona kutsegulidwa kwa ofesi ino, landirani ulemu wanga.

Ena mukudabwa kuti namwino wopuma pantchito akufunanji pa mwambo wa zamalonda. Nanenso a bungweli atandiimbira kuti ndidzatsegule ofesiyi, ndinayesa asokoneza nambala. Sekani ndithu, koma mundilole ndinene chimene chandibweretsa.

Ndikugwira ntchito ku wodi ya ana, kunabwera mayi wina wosoka zovala atanyamula khanda lofooka, nthiti zili pamtunda. Anali mayi waukhondo, wokonda mwana wake. Nditamufunsa chimene amamudyetsa, anatulutsa m'chikwama chitini cha mkaka chojambulidwa mwana wonenepa, wamasaya onyezimira. Anati anasiya kuyamwitsa atamva otsatsa malonda pa wailesi akunena kuti mkakawo umaposa wa m'mawere. Kenako mtengo unayamba kukwera, lero wina, mawa wina, popanda wofunsa chifukwa. Iye anayamba kuchepetsa supuni n'kumaonjezera madzi kuti chitini chikhalitse. Apo n'kuti mawere atauma kale.

Tinayesetsa, koma madzi akatayika saoleka. Mwanayo anatisiya. Ndikuchotsa diripi, mayiyo anandigwira dzanja nati, "Anesi, ndalakwa chiyani? Inetu ndimamugulira chodula." Mpaka lero mtima umandiwawa.

Eni makampani, sitikudana ndi phindu lanu, pakuti wogwira ntchito ayenera kudya. Koma musalonjeze kunja kwa chitini zimene m'katimo mulibe. Ndipo inu amene boma lakupatsani udindo woyendera masitolo, dziwani kuti ena adzakusekererani ndi mphatso m'manja, ena adzakuopsezani ndi mayina a akuluakulu. Mtengo ukakwera popanda chifukwa, funsani msanga. Wotsatsa malonda akanama, muletseni tsiku lomwelo, nkhani yake isanatipeze ife ku wodi.

Funso la mayi uja likadali poyera, ndipo oyenera kuliyankha ndi inu, ndi ntchito imene mudzagwire m'zipinda zino. Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti ofesi yoona za mitengo ndi katsatsidwe ka zakudya yatsegulidwa tsopano.

Zikomo kwambiri.