Moni wa Pawindo

Pa siteji ya ku Mauwa, Che Lajabu, bambo wa imvi, ankaponda pansi kawiri ndi phazi lamanzere minibasi ikamasintha giya. Mayi wogulitsa nthochi analephera kupirira.

"Abambo, mukupha nyerere?"

"Ndi kilatchi iyi, mayi. Zaka makumi atatu pa lole ya fodya, osagundapo ngakhale nkhuku."

"Nanga ulendo wa kuti ndi chikwama?"

"Ku Limbe, kusukulu ya galimoto."

"Kukaphunzitsa?"

"Kukaphunzira. Mwana anandigulira pikapu yoti ndizitengera amayi ake kuchipatala ku Nguludi. Dzana ndinatulutsa dzanja pawindo, ngati kale, kusonyeza kuti ndikukhota. Wanjinga anayesa moni. Anakweza lake n'kumabwerabe, akusekerera. Panatsala pang'ono kuti ndimuponde."

"Wolakwa ndi wanjingayo!"

"Akanafa, ndikanakamuuza zimenezo kumanda? Chibwerere matipate, msewu wadzaza ndipo ukuyankhula zina. Ine ndikuyankhulabe zakale. Makiyi ndasiyira akazi anga, ndawauza asandipatse mpaka ndikhoze."

"Ndiye akakulalatireni mphunzitsi wa msinkhu wa mdzukulu wanu? Manyazi mulibe?"

"Ndili nawo, mayi. Koma manyazi sathyola munthu mwendo."

"Ee! Amuna anga ngakhale asochere, njira safunsa. Nanga odwalawo?"

"Adokotala akuwafuna kumapeto kwa mwezi. Ndidzawatenga ndine, osati wina."

Mayiyo anathyola nthochi zinayi n'kuziika m'chikwamamo, pamwamba pa zovala za milungu iwiri. Che Lajabu anatseka zipi, n'kuimitsa minibasi ya ku Limbe.