Anandivula Nsapato Kuti Ndioneke pa Kanema

Senderani kuno, senderani. Inu akumbuyoko bwerani pafupi, sindiluma. Mwana akulirayo mumpatse bere. Khalani chete tsopano, chifukwa zimene ndinene panozi zikundinunkha ine mwini wake.

Ambuye atamandike, abale ndi alongo. Ine ndine Naphiri, wa kuseri kwa phiri uko, njira ya ku Mayani. Sukulu sindinapondeko, ndimasaina ndi chala. Koma bodza ndinalitha, ndipo ndinalinena dziko lonse likuonera.

Mdzukulu wanga Jelevaziyo mukumudziwa. Amake, mwana wanga wamkazi, atamwalira ndinamutenga asanayambe n'komwe sukulu. Tinamulera awiri, ine ndi mpongozi wanga Nambewe, mkazi wa mwana wanga Matiyasi, amene anabwera kwathu chitengwa. Mwana ameneyu sanagonepo ndi njala. Ndikubwereza, sanagonepo ndi njala. Mbatatesi timalima, kabichi timalima. Vuto lake linali manja. Akaona ndowa, gu gu gu. Beseni, gu gu gu. Ndowa ziwiri anandiboolera. Akatekisiti anati, "Mayi Naphiri, musamumenye, tipatseni aziimba ng'oma m'tchalitchi." Ndipo ankaimba, abale. Kuzizira kwa Juni kuja, iye amayamba wawamba ng'oma pamoto wa mapesi mpaka chikopa chilankhule.

Atakula anapita ku Lilongwe, n'kulowa gulu loimba zimene amati roko. Ndinakaonako kamodzi. Munthu mmodzi ng'oma zisanu, pamwamba zivundikiro za mapoto, akumenya ndi timitengo, malaya atavula, tsitsi ngati zingwe za khonje. Mnzake akukuwa ngati nkhumba ili pampeni. Ndinati, "Iwe, wamwalira ndani?" Iye, "Agogo, ndi nyimbo imeneyi." Ndinalavula. Koma mumtima ndinati bola akudya thukuta lake.

Gululo litapasuka anameta, anavala suti, analowa pa kanema. Dzina anasintha, akuti Jevi. Pulogalamu yake ndi yoyendera anthu ovutika, kuwaliritsa, kenako kuwapatsa bulangete. Ine ndinatupa. Kumsika, kudambo, pamaliro pomwe: "Mwamuona mdzukulu wanga?" Kunyada, abale. Kunyada ndi kumene kunandigwetsa.

Tsiku lina anatulukira pagalimoto yoyera, ali ndi bambo wonyamula kamera ndi mayi wina wa zikhadabo zazitali chonchi. Akuti akufuna aonetse anthu kumene anachokera. Nambewe anali atapha nkhuku, atasesa bwalo lonse. Nyumba yanga mukuidziwa, ya njerwa zowotcha, ya malata, anandimangira Matiyasi ndi Nambewe. Mayi wa zikhadabo uja anaiyang'ana, anakwinya mphuno: "Eee, Jevi, nyumbayi ndi yabwino kwambiri. Sizigwira mtima izi." Anazungulira kuseri, anapeza khitchini yakale yogumuka, mobisalamo mbuzi mvula ikamagwa. "Apa ndiye pabwino."

Jelevaziyo anati, "Agogo, vulani nsapatozo."

"Nsapato zanga? Anandigulira Nambewe za Pasaka izi."

"Kanthawi kochepa chabe, agogo. Ndi mmene timachitira pa kanema."

Ndinavula. Chitenje chatsopano anandivula, anandimanga chiguduli chimene timafundikira mbatatesi. Mayi uja anatapa phulusa n'kundipaka m'miyendo. Phulusa! Ine phulusa ndimalandira pamphumi kamodzi pachaka, kwa ansembe.

Mayi uja anati, "Munene kuti mumagona muno. Munene kuti mulibe wokusamalani. Mukalira ndiye bwino kwambiri."

Nambewe anali ataima pankhokwe, atanyamula beseni la madzi osambitsa alendo m'manja. Ndinamuona. Nayenso anandiona. Ndipo ndinanena, abale. Ndinanena zonse. Ndinaliranso, misozi yeniyeni, sindidziwa kumene inachokera. Ndinkafuna ndioneke pa kanema, basi.

Kenako Jelevaziyo anakabwereka ng'oma ya kutchalitchi kuti aimbe pambali panga. Anamenya: bu, bu. Yozizira. Waiwala kuwamba. Ndinati, "Koleza moto, iwe." Iye, "Zilibe kanthu, agogo, tikaikapo kulira kwina ku ofesi." Nkhuku anadya yonse, anapita.

Zinatuluka pa kanema. Amene alibe kanema anaonera pafoni. Nambewe anapita kumsika ku Mayani ndi kabichi. Amayi kumangokodolana: "Ndi uyu, ndi uyu wogoneka apongozi ake ndi mbuzi." Wina anati, "Kabichi wa munthu wouma mtima ine ayi, angandimange m'mimba." Anabwerera naye yense pamutu. Ku mphakati wathu wa mpingo anamuchotsa pagulu loyendera odwala: "Uyambe wasamala wakwanu." Alongo ake anabwera, anakhala pabwalo panga, osalandira ndi madzi omwe: "Mlongo wathu sanabwere kuno kudzatukwanidwa. Akakolola, tikudzamutenga."

Mukuganiza Nambewe anandikalipira? Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Anangotseka pakamwa. M'mawa uliwonse madzi ofunda osamba pakhomo panga, go go go, wapita. Miyezi itatu. Mawu akuti "amayi" anatha pakhomo pathu. Madzi amenewo ankandiwotcha kuposa moto. Ndinkadziyang'ana miyendo n'kumaona phulusa lija, kutsuka, kutsuka, osachoka. Tsiku lina ndinasuzumira m'nyumba mwawo, ndinaona wamanga kale mbale zake m'chitenje.

Ndinapita kukalapa. Bambo mfumu anati, "Mulungu wakukhululukirani, agogo. Koma mbiri ya munthu munaiba pagulu. Mukabwezenso pagulu."

Ndiye taonani mmene Ambuye amachitira. Sabata yomweyo galimoto yoyera ija inabweranso, pamwamba atamangapo matiresi ndi bulangete, akuti adzandipatse anthu akuona. Mayi wa zikhadabo watenga kale chiguduli chija. Ine ndinalowa m'nyumba. Ndinatuluka nditavala chitenje cha mpingo, duku, nsapato. Ndinakhala pakhonde langa la simenti. Nambewe ndinamugwira mkono, akukana, ndinamukhazika pambali panga.

Ndinati, "Yatsa chinthu chakocho. Ine Naphiri ndinanama. Ndimagona muno. Amandisamala ndi uyu."

Jelevaziyo anandinong'oneza, mano ataluma: "Agogo, mukundiwonongera ntchito."

Ndinati, "Ine sindinong'ona, iwe. Mphasa imene unkakodzera ankachapa ndani? Chikuku chitakugwira anakubereka ndani mpaka kuchipatala ku Boma? Uyu! Ndiye wamusandutsa mfiti chifukwa cha bulangete?"

Wa kamera uja anali atazimitsa kalekale. Onse anakwera galimoto. Matiresi anabwerera nawo, abale. Ndi bulangete lomwe.

Zimenezo sanazionetse pa kanema, ndipo sadzazionetsa. Ndiye kanema ndine ndemwe. Ndinakaima pamsika ku Mayani, pakati pa matumba a mbatatesi, ndinakuwa mpaka ogulitsa tchipisi anasiya kukazinga. Ndinanena ku mphakati. Ndinapita kwa alongo ake, ndinagwada, nkhalamba ine. Lero ndili pano, ndipo Lamulungu likubwerali ndikanena kwina.

Jelevaziyo akadali pa kanema, akuliritsabe agogo a eni ake. Foni saimba. Ndimamupempherera, ndi magazi anga, koma nkhope yake ikatulukira ine ndimatuluka panja.

Ndikuthokoza Ambuye pondichotsera kutupa kuja. Ndikuthokoza kuti chimanga tinakolola, alongo aja sanabwere. Mbale zija Nambewe anamasula. Kabichi akugulidwa. Odwala wayambanso kuyendera. Chinatsala n'chimodzi, pakamwa paja. Amandiyankha "eya" ndi "ayi" basi, ndipo ine sindinamukakamize.

Lero m'mawa pobwera kuno, mame anali ambiri, njira yamatope. Ndinachita mmene timachitira tonsefe, nsapato m'manja, ndikavalire pakhomo la tchalitchi. Ndafika pa mtengo wa mapichesi paja, ndangomva munthu akukuwa pakhonde, mudzi wonse kumva:

"Amayi! Inu amayi! Valani nsapatozo, anthu anganenenso kuti sitikusamalani!"