Mawaya Atatu Ofiira

Wometa uja wa pakona, munthu amene sanalakwitsepo kanthu chibadwire ngati mufunsa mwini wakeyo, anali atapatsidwa chenjezo lomaliza ndi mkazi wake: phokoso la mpira likamvekanso m'nyumbamo Loweruka lino, wailesi isamukira kwa apongozi. Ndiye anadzipangira ka ampulifaya, kachipangizo kokuzira mawu m'mahedifoni, patebulo lodyera, n'kupempha mlamu wake, mlonda wa pasitolo amene amachita zimene wauzidwa osaonjezera osachotsera, kuti akonze patebulopo iye akumaliza kumeta kasitomala.

Atabwerako anaima pakhomo, chipeso chidakali m'thumba.

"Alamu, wagwira mawaya anga ndani?"

"Ndine. Munati ndikonze chilichonse chosokonekera."

"Nanga mfundo zanga zili kuti?"

"Ndamasula zonse," anatero mlonda monyadira. "Ina inalimba, ndachita kugwiritsa mano. Taonani mmene awongokeramu."

Wometa anakhala pampando pang'onopang'ono ngati wamva uthenga wa maliro.

"Mwandipha, alamu."

"Ayi, ndangomasula."

"Tamverani! Kachipangizo aka sikadya magetsi ngati tochi yanu yakuntchito. Kamafuna mbali ziwiri. M'kabokosi ka sopo aka muli mabatire awiri, olumikiza mutu ndi mchira. Mukutuluka mawaya atatu: wa pulasi, wa mayinasi, ndi wa pakati pomwe mabatirewo akumana."

"Atatu. Eya, ndawawerenga."

"Mfundo imodzi anali pulasi. Mfundo ziwiri mayinasi. Wopanda mfundo, wa pakati."

Mlonda anawayang'ana mawayawo mofatsa.

"Ndiye kuti panopa onse ndi apakati."

"Si onse apakati!"

"Mwanena nokha kuti wopanda mfundo..."

"Iyayi, inu!"

"Koma alamu, kuntchito kwathu pulasi amakhala wofiira, mayinasi wakuda. Nanga anuwa bwanji onse ofiira?"

"Ndinali ndi wofiira yekhayekha. Magetsi saona mtundu."

"Magetsi saona, koma ife timaona."

Wometa anatulutsa mpweya m'mphuno. Anayang'ana wotchi ya pakhoma: mpira unali kuyamba 3 koloko, ndipo mkazi wake akaweruka 2 koloko sachedwa panjira.

"Ingolumikizani," anatero mlonda. "Kakapanda kulira, musinthe."

"Ndikasemphanitsa, kachipu ka miyendo eyiti aka kapsa nthawi yomweyo. Ndi kamodzi kokha. Ndinakadikira miyezi iwiri."

"Ndiye yezani ndi mita. Siyo ili apoyo?"

"Mitayo ilibe batire."

"Lili kuti?"

Wometa analoza kabokosi ka sopo ndi chibwano, osayang'ana munthu.

"Ohoo," anatero mlonda. "Ndiye tichotse batire m'kabokosi, tiike mu mita, tiyeze kabokosi."

"Tiyeza chiyani batire titachotsa?"

"Kabokosi."

"Mulungu wanga!"

"Chabwino, tingotsegula n'kuona kumene waya aliyense akuchokera."

"Sikatseguka. Ndinakamata ndi guluu wa nsapato, kawiri. Taonani kusalala kwake. Mmisiri weniweni satsegula chimene watseka."

"Nanga mabatire akadzatha?"

Funso limeneli wometa anali asanaliganizirepo, ndipo zinamuwawa kwambiri kuti labwera ndi mlonda.

"Zimenezo ndi za m'tsogolo," anatero. "Tulutsani lilime."

"Pepani?"

"Lilime. Ndikugunditsani mawaya awiriawiri. Pomwe paluma kwambiri, amenewo ndi akunja, wotsalayo ndi wa pakati."

"Bwanji osayesa lanu?"

"Langa ndimagwirira ntchito. Wometa wosalankhula makasitomala amamuthawa. Inu pageti mumangogwedeza mutu."

Mlonda anaganiza, anaona kuti ndi zoona, n'kutulutsa lilime.

"Apa?"

"Paluma."

"Apa?"

"Palumanso chimodzimodzi."

"Nanga apa?"

"Mayooo!" Mpando unagwa chagada. Mlonda anadzuka misozi ili m'maso, akupepesa lilime ndi chikhatho.

"Basi! Wa pakati ndi uyu," anatero wometa akumwetulira koyamba. "Tsopano pa awiriwa, pulasi ndi uti?"

"Ndidziwa bwanji?"

"Simunamve kusiyana? Wina sanali wowawasa pang'ono?"

"Munati ndinene pomwe paluma. Za kukoma simunanene."

"Tibwereze."

"Alamu, ndimakulemekezani, koma lilimeli ndikufuna ndikadyere kunyumba."

"Ndiye ndingolota. Uyu akuoneka wa pulasi. Ali ndi nkhope ya pulasi."

"Mukalakwitsa kachipu kapsa, wailesi ipita kwa amayi. Ndipo amayi amangotsegula za maliro ndi kwaya."

Dzanja la wometa linaima m'malere. Anaona wailesi yake, imene inamuperekeza pa zigoli zonse za zaka khumi, itafunditsidwa kansalu koluka pakabati ya apongozi. Mtima unamupweteka zenizeni.

"Titsegule kabokosi," anatero mlonda.

"Ndakana."

"Titsegule."

"Eee, tsegulanitu! Tengani hamala muphwanye, poti inu ndi amene mumadziwa zonse!"

Phwaa!

"Alamu! Mwatani?"

"Munati nditenge hamala." Mlonda anasuzumira m'zidutswa za kabokosi. "Uyu akuchokera polemba pulasi. Uyu polemba mayinasi. Uja wa nkhope ya pulasi ndi mayinasi."

"Ndimadziwa," anatero wometa. "Ndimangokuyesani."

Anamanganso mfundo zake, anawotcherera mawaya atatuwo, n'kuvala mahedifoni. Anatsegula wailesi. Utsi sunatuluke. Nkhope yake inayamba kuwala ngati ya mwana woona baluni.

"Kakulira!" anakuwa, mpaka makapu m'kabati anayankha. "Mukumva chilichonse inuyo?"

"Wailesi sindikuimva."

"Mwaona? Chete! Pitani mukauze achemwali anu kuti anakwatiwa ndi injiniya! Wailesi sipita kulikonse! Eee, akulowa m'bwalo! Tiye nawo, mwana! Lero tiwamwetsa!"

Mlonda anayang'ana wotchi, kenako anavula mahedifoni aja pamutu pa mlamu wake mwaulemu, n'kuyamba kupukuta ndi mpango.

"Mukutani tsopano?"

"Achemwali anandituma kuti kakangolira, ndiwasungire."

"Muwasungire ndani? Mahedifoni ndi anga!"

"Anati azivala ndi iwo, kuchipinda, n'kumamvera nyimbo zawo."

"Nanga ine mpira?"

"Anati wailesi muzitsegula mmene mungafunire. Wailesiyo sinawasowetsepo mtendere ndi tsiku limodzi lomwe."

"Ndiye phokoso akhala akudandaula chaka chonsechi ndi lachani?"

Mlonda anapinda chingwe bwinobwino, n'kuika mahedifoni m'thumba la jekete.

"Alamu, munamvapo wailesi ikukwera patebulo n'kutukwana refu?"