Dengu la Munthu Wamanzere

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu, inu a kuno ku mishoni ndi inu a m'maesiteti amene mudzamva mawu awa akuwerengedwa. Ndine Yotamu, wa pa sukulu yophunzitsa aphunzitsi kuno ku Thyolo. Ndikufuna ndichitire umboni za masabata atatu amene ntchito yanga inatsala pang'ono kutha, pamodzi ndi nyumba imene ndimakhalamo ndi mkazi wanga. Ena mwa inu nkhaniyi mumaidziwa ngati nthabwala, ndipo ndikamadutsa mumanong'onezana za ng'ombe. Sekani ndithu, palibe mlandu, koma mumve ndi mbali imene simuidziwa.

Ine ndinabadwira pa esiteti. Makolo anga anabwera wapansi kuchokera kwa Apwitikizi, ndipo ndinadziwa kuthyola tiyi ndisanadziwe kulemba dzina langa. Chimene chinandichotsa m'munda ndi dzanja langali, poti ndinkajambula ndi makala pa khoma lililonse limene ndalipeza. Mkulu wa mishoni, mzungu wosaseka wamba, anandiona, anandiphunzitsa, kenako anandipatsa phunziro limene aphunzitsi ena onse analikana. Anandipatsa bokosi la zithunzi zosindikiza zochokera kwawo, nati ndiziphunzitsa ophunzira athu kuona ndi kukonda zinthu zokongola, kuti nawonso akaphunzitse ana kumidzi. Ntchito yanga inali imeneyo basi, ndipo ndinkayenda nayo mapewa m'mwamba.

Ophunzirawo sanali ana. Anali amuna a ndevu, ena a mabanja, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerera zithunzi. Ankafuna Chingerezi ndi masamu, kuti uphunzitsi ukawakanika akalembedwe ukalaliki pa esiteti. Phunziro langa linkabwera Lachisanu masana, dzuwa likuswa mtengo, anthu atakhuta. Ndikapachika chithunzi, iwo mitu pansi, akuchita masamu pa maondo. Wovuta kuposa onse anali Wilisoni, wanzeru, wa pakamwa pakuthwa, amene tsiku lina anaimika mkono mwaulemu wonse n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi bwana wa pa esiteti akamalemba kalaliki amafunsa za mitambo ya pa chithunzi?" Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ndipo ine ndinamenya tebulo mpaka ndodo inathyoka.

Popeza sankafuna kuyang'ana, ndinapeza njira yachidule. Pa chithunzi chilichonse ndinalemba mawu a Chingerezi pa bolodi, onena kuti apa pali chakuti, ndipo n'chokongola chifukwa chakuti. Iwo ankaloweza, ine ndikafunsa ankayankha pamodzi ngati akuimba nyimbo. Mkati mwangamu ndinkati ndikuphunzitsa.

Tsiku latsokalo ndinatuma Wilisoni kuti apachike chithunzi cha ng'ombe zikudya msipu. Ine ndinaima kutsogolo chithunzicho chili kumsana kwanga, n'kuyamba mafunso anga a masiku onse. Tili mkati moimba choncho, mkulu wa mishoni analowa. Anaima pakhomo kanthawi, kenako anafunsa kalasi kuti akuona chiyani. Onse anayankha mwamphamvu, mitu ili pansi, kuti akuona ng'ombe zamtendere zikudya msipu wobiriwira. Iye anangoloza ndi chala. Nditacheuka, ng'ombe zonse zinali miyendo m'mwamba, msipu uli kudenga. Wilisoni anali atachipachika chozondoka mwadala, ndipo kwa theka la ola palibe anachiona, ngakhale ine mwini phunziro.

Mu ofesi mkuluyo sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Anati pakatha masabata atatu kubwera woyendera sukulu. Ophunzira akapezeka kuti sakuona kanthu, phunzirolo alithetsa, ndipo phunziro likatha ndiye kuti mphunzitsi wake alibe chokhalira pano. Nyumba ya njerwa ija ndi ya aphunzitsi, anatero, ndipo ena akuidikira.

Abale, ndinatuluka m'menemo ndikuganiza za kwathu. Mkazi wanga Esinati anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Kuchoka pa mishoni kunatanthauza kubwerera pa malo a mzungu wa esiteti, kukapempha pomanga kanyumba, n'kuyambanso thangata, kugwirira mwini malo ntchito kuti asakugwetsere nyumba. Nkhani ya ng'ombe inafika m'minda ya tiyi ine ndisanafike kunyumba. Kapitawo wina amene tinakulira limodzi anandikuwira pamsewu kuti, "Aphunzitsi, musadandaule, dengu lanu tikukusungirani!"

Mtima wanga sunakhalenso m'malo. Ndikakhala pampando ndinkadzuka, ndikadzuka ndinkafuna kukhala. Chakudya ndinkadya chiimire. Esinati akandifunsa ndinkamuyankha mokalipa ngati ndiye anazondotsa ng'ombezo, kenako n'kutuluka kukazungulira tchalitchi ngati nkhuku yofuna poikira dzira. Kupemphera ndinkapemphera, koma ndikuulula pamaso panu kuti mapemphero ake anali onyansa. Ndinkapempha Mulungu kuti Wilisoni agwidwe ndi mlandu wina achotsedwe sukulu. Ndinkapempha kuti woyenderayo adwale malungo, kapena mtsinje udzaze asaoloke. Sindinapemphepo kuti andionetse cholakwa changa, chifukwa sindinkakhulupirira kuti ndinali nacho.

Lachisanu loyamba ndinawonjezera mawu oloweza, ndikuwaopseza ndi zilango. Anayang'ana chithunzi kuti aone ngati chili choongoka, n'kubweza mitu pansi. Sabata imodzi inapita chomwecho, ndipo ndinadziwa kuti madzi afika m'khosi.

Mawa lake, Loweruka masana, ndinalephera kukhala m'nyumba. Ndinavala jekete n'kuyamba kuyenda osadziwa kopita, kudutsa m'mizere ya tiyi, kutsika, kukwera, ndikuyankhula ndekha. Penapake ndinaima n'kunena mokweza kuti, "Ambuye, nzeru zanga zatha, chitani zanu." Linali pemphero lalifupi kuposa onse, ndipo ndinalinena mokwiya. Posakhalitsa mvula inagwa, ndipo ndinathawira pa shedi ya sikelo pamene othyola tiyi amapimitsa masamba awo.

Anthu anali atapimitsa kale. Madengu opanda kanthu anawaunjika mulu umodzi pakona, ambirimbiri, onse a nsungwi, onse ofanana m'maso mwanga. Mvula itakata, aliyense anapita pamulupo n'kusolola lake osafunafuna, ngakhale panalibe dengu lolembedwa dzina. Ine amene ndinakulira pomwepo ndinali ndisanadabwepo nazo. Kenako amayi awiri anagwira dengu limodzi. Wamkuluyo, mayi wamfupi wa mphini kumaso, sanakweze mawu. Analitembenuza, n'kuonetsa mnzakeyo mmene woluka anayambira pansi pake, mmene anapindira mkombero, ndi pamene nsungwi imodzi inali yakuda kuposa zinzake. Winayo anayang'ana, anaseka, n'kulisiya.

Mayi wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi anali atachita pamaso panga chimene ine ndinalephera kuphunzitsa chaka chathunthu. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, choncho ndinamutsatira ndi jekete langa lonyowa n'kumupempha kuti adzayankhule ndi ophunzira anga.

Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato, n'kuyankha m'Chinyanja chosakaniza ndi Chilomwe. "Inu ndinu aphunzitsi a ng'ombe aja? Iyayi, ine ku sukulu kwanuko sindifika. Mwana wanga Wilisoni anandiletsa, akuti anzake angaone mphinizi."

Munthu amene ndinkamupempherera tsoka uja, mayi ake ndi amene Mulungu anandiimikira kutsogolo. Mayiyo anaganiza pang'ono, kenako anati ndimutsatire kunyumba. Kumeneko anatulutsa dengu lakale, lotopa, la zigamba ziwiri, nati, "Tengani ili. Musamuuze kanthu. Ngati maso ali nawo, aona yekha."

Lachisanu lachiwiri ndinasiya bokosi la zithunzi kunyumba. Ndinabwereka madengu ena anayi, n'kuwandandalika onse asanu kutsogolo kwa kalasi. Ophunzira anakwiya zenizeni, ndipo sindiwaimba mlandu, poti anabwera ku sukulu kuthawa dengu lomwelo. Ndinawafunsa kuti madenguwa akusiyana pati. Ndinayamba kuganiza kuti ndadzichititsanso manyazi kachiwiri. Wophunzira wina wa kutsogolo anati dengu ndi dengu basi, n'kukankha lakale lija ndi phazi.

"Usaliponde!" Anali Wilisoni, ataimirira. "Limenelo analuka ndi bambo anga."

Ndinamufunsa modekha kuti wadziwa bwanji, poti palibe dzina. Anabwera kutsogolo, analinyamula, n'kutionetsa kuti mkombero wake unapindidwa kulowera kumanzere pamene ena onse analowera kumanja, chifukwa malemu bambo ake anali amanzere. Anationetsa chigamba choyamba, chosalala, nati ichi anaika okha asanamwalire. Chachiwiri chinali chokhotakhota, ndipo atachigwira anati, "Ichi ndi amayi." Anabwerera pamalo pake dengulo lili m'manja, ndipo sanalitule mpaka belu.

Zitatero ena anadzuka okha kudzaona madengu otsalawo. Wina anati ili n'la ku Nsabwe, amayamba pansi motere. Wina anatsutsa. Anakangana za woluka waulesi ndi woluka wodekha, za dengu lokongola koma losalimba, mpaka mphunzitsi wa kalasi yoyandikana anabwera kudzatitontholetsa. Ine ndinafufuta mawu onse oloweza pa bolodi. Ndinawauza kuti kuyambira lero lamulo ndi limodzi, munthu anene chokhacho chimene diso lake laona, ndipo asafulumire, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabata yotsalayo tinkakumana masana aliwonse akaweruka. Tinayang'ana mphasa, mbiya, mipini ya makasu, kenako ndinatsegula bokosi lija. Koma musaganize kuti mtima wanga unakhazikika. Masiku asanu ndi ochepa, ndipo ena ankayang'anabe pawindo.

Woyenderayo anabwera, mtsinje sunadzaze. Anali mzungu wamtali wa magalasi, ndipo zithunzi zathu sanazifune. Anatulutsa chake m'chikwama, chimene tonse tinali tisanachionepo: mayi wa kwawo akukwera phiri madzulo, dengu lodzaza mbatata lili kumsana. Anachipachika yekha n'kufunsa kuti akuona chiyani.

Onse anangochiyang'ana, ndipo nthawi inkapita. Lilime linkandiyabwa kuti ndiwayambitsire mawu. Mkulu wa mishoni anayang'ana wotchi yake. Kenako Wilisoni anaimika mkono.

"Bwana," anatero m'Chingerezi chake chapang'onopang'ono, "amene anajambula uyu sanasenzepo katundu. Dengu ladzaza, koma mayiyu khosi lili chilili, chingwe sichikulowa m'phewa, zala za kumapazi sizikugwira nthaka. Akuyenda ngati dengu mulibe kanthu."

Ndinatseka maso. Ndinati basi, mwana uyu wandimaliza, wanyoza chithunzi cha mzungu pamaso pa mwini wake. Koma wophunzira amene anakankha dengu ndi phazi uja anaimirira, nati wojambulayo katundu sakumudziwa ndithu, koma dzuwa la madzulo akulidziwa, taonani mmene lagwera pa tsaya la mayiyu ndi pa udzu, munthu ukungomva kuti kunja kwayamba kuzizira. Wachitatu anati mwina wojambulayo ankamukonda mayiyu, n'chifukwa chake sanafune kumuonetsa akuvutika. Anayamba kutsutsana ngati za madengu zija, ataiwala kuti m'kalasi muli alendo.

Woyenderayo anavula magalasi, anawapukuta, anafika pafupi ndi chithunzi chake n'kuyang'ana phewa la mayiyo nthawi yaitali. Anati chithunzichi chakhala m'nyumba mwake zaka zambiri, ndipo za chingwezo anali asanazionepo. Analemba m'buku lake, n'kutuluka. Mkulu wa mishoni pondidutsa pakhomo anangoti, "Lachisanu likudzali muyambe nthawi yake, a Yotamu."

Ndinathamanga ngati mwana, jekete lili m'manja. Nditalowa m'nyumba ndinapeza Esinati atamanga kale katundu wathu yense m'mitolo osandiuza, mphasa atapinda, mbale zili m'nsalu, iye atakhala pamtolo waukulu ndi mimba yake, akudikira kuti ndimuuze njira yolowera. Ndinagwada pomwepo n'kuyamba kumasula mfundo za mitoloyo. Iye anamvetsa, ndipo tinalira tonse awiri. Mwana wathu anabadwira m'nyumba imeneyo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anakana mapemphero anga oipa onse n'kuyankha limodzi lokha lija. Ndikuthokoza mayi ake a Wilisoni, amene masiku ano amalowa pa geti la sukulu masana dzuwa likuwala, mwana wawo atawagwira dzanja. Inu amene ntchito ikugwedezeka, amene mukudya chiimire ngati mmene ndinkachitira ine, musaleke kupemphera ngakhale pemphero lituluke ndi mkwiyo. Ndipo musasankhire Mulungu munthu woti akuthandizeni. Ine ndikanasankha, ndikanathamangitsa amene anandipulumutsa. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.