Mmene Kapitawo Ndilekeni Anatsala Pang'ono Kundilanda Mkazi

Kale, nthawi imene tiyi tinkayezetsa pa sikelo yokoloweka pamtengo ndipo wailesi m'malayini monse mokhala antchito inali imodzi, ife achinyamata a pa esiteti tinali ndi sewero lathu. Inu mukuyesa mwayamba ndinu kukonda anthu oipa a m'mafilimu? Ndimakumvanitu pakhonde pano, mitu itaunjikana pa foni imodzi, wina akukuwa kuti, "Aaa, ameneyu asafe!" pomwe munthuyo wathamangitsa mkazi, wanamiza abale ndipo botolo silichoka m'manja. Amayi anu akamakukalipirani ine ndimangosekera mumtima, chifukwa munthu wotereyu anatsala pang'ono kundilanda agogo anu aakazi.

Sewerolo anapeka ndi aphunzitsi a pasukulu ya pa esiteti, ndipo tinkachitira mu shedi yoyezera tiyi Lamulungu masana, poti ambirife tinali a Sabata. M'sewerolo munali anthu awiri akuluakulu. Wina anali Chifatso, wantchito wokhulupirika, wosatukwana, wopemphera asanamwe ngakhale madzi. Winayo anali Kapitawo Ndilekeni, ndipo ameneyo ndinali ine, agogo anu ano amene mukuwaona akuyendera ndodo.

Ndilekeni, ana inu, anali wovuta kumuweruza. M'mawa amakalipira otchola tiyi mpaka makanda kumbuyo kuyamba kulira, koma masana akaona mayi wamasiye dengu silikudzaza, amatuma anthu onse kwina n'kumutcholera yekha mzere wonse, ndipo mayiyo akati athokoze amamutukwana. Pofika madzulo, kachasu. Mkazi wake akamulangiza, "Ndilekeni!" Abusa akabwera, "Ndilekeni!" Mapeto ake mkazi anapita kwawo, iye n'kukafera yekha m'ngalande pakati pa tiyi.

Aphunzitsi ankafuna kuti anthu anyansidwe naye n'kutengera Chifatso. Koma anthu ndi anthu! Chifatso akalowa, amayi amayamba kuyamwitsa ana ndi kufunsana za nandolo. Ine ndikangotulukira chodzandira, chipewa chili pambali, shedi yonse, "Wafika! Wafika!" Tsiku lina mayi wina wa ku Masambanjati anadzuka pamkeka, kundilanda botolo n'kulikhuthulira pansi, amvekere, "Iwe, ulibe chisoni ndi mkazi wako?" M'botolomo munali tiyi wozizira basi, koma iye misozi ili mbwembwembwe. Sikuti anthu aja ankakonda kachasu, ayi. Chifatso analibe chomudera nkhawa, pomwe Ndilekeni aliyense ankafuna kumupulumutsa, ndipo ankabweranso sabata yotsatira akuti kaya lero amva.

Tsono nyengo yomweyo ndinali nditafunsira Esinati wa kufupi ndi Makwasa, agogo anu aakaziwa, ndipo zinthu zinkayenda bwino, ankhoswe atayamba kale kuyenderana. Chinatsala n'chakuti avomere eni mbumba, amalume ake, a Namakhwa, mkulu wa mpingo wosaseka wamba. Inu masiku ano mumangotumizirana timitima pafoni ukwati n'kutheka, koma ife popanda amalume sukanalowa pamudzi. Tsoka ilo, a Namakhwa anabwera kudzaonera sewero osandiuza. Ine osadziwa, ndinadzandira tsiku limenelo kuposa masiku onse, mpaka kugwera m'madengu.

Uthenga unabwera ndi nkhoswe wanga. Akuti, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu sadzandira choncho asanalaweko. Mwana wa mlongo wanga sapita kumeneko." Mayo ine! Ine amene ngakhale thobwa logonetsa ndinkaliopa! Kudzandira konseko ndinaphunzira poonerera azibambo tsiku lolandira. Ndinadwala nazo mtima, ndikuuzeni zoona, chifukwa Esinati ndinkamukonda mopanda nzeru. Iye nditakumana naye panjira ya kuchigayo anangoti, "A Lusiyano, ine ndikufuna mwamuna mmodzi, osati awiri. Kapitawo wanuyo muonane naye."

Ndinapita kwa aphunzitsi kukagwada kuti tisinthane, ine ndikhale Chifatso, mnzanga amene ankasewera Chifatso akhale Ndilekeni, ndipo ndinatumiza mawu kwa a Namakhwa kuti abwerenso adzaone khalidwe langa lenileni. Anabweradi, atavala jekete, n'kukhala kutsogolo. Koma zimene zinachitika tsiku limenelo, aaa, musaseke! Mnzanga uja ankadzandira ngati munthu woponda minga, ndipo akamati "Ndilekeni" zimamveka ngati akupempha mchere kwa aneba. Anthu anayamba, "Si ameneyo! Tibwezereni wathu!" Ine ndili chogwada, maso otsinzina, ndikupemphera pemphero la Chifatso ndi mphamvu zanga zonse, wina kundigenda ndi chitsononkho.

Titamaliza, a Namakhwa anandikodola kuseri kwa shedi. Anandiyang'ana n'kuti, "Lero mwapemphera ngati abusa. Ndinu abusa?" Ndinati ayi, bambo. "Ndiye kuti kudzandira kuja nakonso n'chimodzimodzi. Ndafunsa m'malayini monse, akuti simumwa. Koma ine ndayenda mtunda wonsewu kudzaona zimenezi? Mwamutaya kuti Ndilekeni?"

Iwo anavula chipewa n'kumachizunguza m'manja, kenako anati, "Ndinali ndi achimwene anga. Ndi amene anandilera, kundigulira kabudula woyamba, ndipo ndi omwewo amene anamwa mbuzi zonse za amayi. Anawapeza m'mawa atamwalira m'munda mwa chinangwa. Pamaliro pawo sindinalire, ndinali nditapsa mtima, ndipo chiyambire sindinawatchulepo. Tsiku lija ndinawaona akuyenda mu shedi umo, ndipo ndinaopa kupereka mwana kwa iwo. Koma ndikubwerera kunyumba ndinalira njira yonse."

Kenako anatsokomola, ukulu wa mpingo n'kubwerera pankhope, amvekere, "Esinati mutenga. Koma Lamulungu likubwerali mubwerere pamalo panu, ndipo mukawauze aphunzitsi kuti pomwalira paja pakhale wina womugwira mutu. Munthu asamafe yekha ngati galu." Aphunzitsi anadandaula kuti phunziro lawo lawonongeka, koma anasintha, ndipo kuyambira pamenepo Chifatso ankathamangira kungalande n'kundinyamula pamwendo pake. Tsiku limenelo ndi pamene anthu anayamba kumuombera m'manja Chifatso, a Namakhwa ali kutsogolo, mpango uli kumaso.

Agogo anu aakazi mpaka lero ndikakana phala amati, "Wayamba Kapitawo." Ndiye ana anga, munthu wongopeka akakugwirani mtima pomwe ali woipa, musachite manyazi ndipo musamutsanzire. Ingodzifunsani kuti akufanana ndi ndani pamudzi pano, chifukwa sangakukhudzeni popanda wina amene mukumudziwa. Mukamupeza, pitani mukakhale naye pakhonde, ngakhale akuuzeni kuti mumuleke. A Namakhwa anakalamba akulakalaka akanatero ndi achimwene awo aja.