Maliro a ku Brazil

Florência atapeza mwayi wokaphunzira unamwino ku Brazil, kunatsala phiri limodzi: kukayankha mafunso a viza ku ofesi ya kazembe ku Maputo, ndipo akakangophonya kumeneko, sukulu yathera pompo. Bambo ake a Vicente, amene akalambira pa njinga ya kabaza akuwolotsa anthu pakati pa Mandimba ndi Chiponde, anavundikira ndowa pakhonde n'kukhalapo ngati bwana, pakuti ife a m'malire, pa nkhani yodutsa, timadziyesa aphunzitsi a dziko lonse.

"Gogoda, ulowe. Ine ndine kazembe," anatero akupinda miyendo. "Mtsikana, ukupita kuti?"

"Ku Brazil, bwana, kukaphunzira unamwino."

"Wagwa! Tuluka!"

"Ndalakwa pati, Papa?"

"Wanena zoona. Pamalire salankhula zoona, mwanawe. Ukati sukulu, afuna mapepala. Ukaonetsa mapepala, apezapo chifukwa. Mawu ndi amodzi okha: ndikupita kumaliro."

Florência anakwinya nkhope. "Wamwalira ndani?"

"Aliyense!"

"Ku Brazil tilibeko m'bale."

"Nanga gwarda wa pachipata amawerenga abale ako? Ine chibwerere kuchokera kothawa nkhondo sindinagonepo pamalire. Fodya, shuga, amayi apakati, zonse ndawolotsa ndi maliro. Munthu wa kumaliro saimitsidwa, n'zamalaulo."

"Koma akandifunsa dzina la malemu?"

A Vicente anakanda pachipumi. "Ukati amalume ako a Shaibu."

"A Shaibu ali moyo. Dzulo anadya pano."

"Aaa, iwowo anazolowera. Ndawapha kangapo, sanadandaulepo."

"Ndiye ndikanene kuti anafera ku Brazil? Anapitako bwanji, munthu woti ngakhale ku Cuamba amasanza mu minibasi ya chapa?"

"Iwe, usandizunguze mutu! Anapita, anafa, basi."

"Adzafuna kalata ya imfa."

"Ukalire! Misozi ndiye kalata. Tayesa ndione."

Mtsikanayo anaimirira chilili, manja m'mbali ngati akuimba nyimbo ya fuko. "Mayo. Amalume. Mayo."

"Epa! Ukulira kapena ukuitana nkhuku? Manja kumutu! Chitenje m'chiuno! Taona kuno." Anadzuka pa ndowa paja, n'kugwira kunkhongo, n'kuyamba kudzandira. "Mayo ine, a Shaibuuu! Mwandisiyira ndani ineee!"

Mayi woyandikana nawo anasuzumira pampanda, mtima uli m'mwamba. A Vicente anamukupiza ndi dzanja. "Pitirizani kuchapa, mayi, tikuphunzira za viza."

"Papa, mumalira bwino," anatero Florência. "Koma sanakugwirenipo?"

Anakhalanso pa ndowa, akupukuta thukuta. "Kamodzi kokha. Ndinaiwala, n'kuwakweza a Shaibu omwewo pa kaliyala. Gwarda anawayang'ana, n'kundiyang'ana, akuti, 'Si awa tinkakupepesa mwezi watha?' Ine ndinati anangokomoka."

"Anakhulupirira?"

"Anandilanda pampu. Koma ndinadutsa! Tiye, tibwereze. Mtsikana, kumaliroko ukakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka zinayi."

"Zaka zinayi n'zotani? Ukati mawa ndibwerako!"

"Ndikanena mawa, andipatsa viza ya mawa. Ine ndikufuna ya zaka zinayi."

Apa a Vicente anaona kuti njinga yaphwa, koma kutsika pamaso pa mwana n'kovuta. Anayamba kupinda zala. "Pali kuika. Pali kusesa. Pali kumeta. Ukati tikudikira chiliza, simenti yavuta."

"Simenti yavuta ku Brazil?"

"Simenti imavuta paliponse!"

"Nanga ndikafika, ndizikalowa m'kalasi ndi viza ya maliro?"

"Uzikalowa mwaulemu, wovala zakuda. Ndipo usapite chimanjamanja. Wa kumaliro amaoneka ndi chipepeso. Utenge ufa pa beseni, ndi tambala wofiira uja."

"M'ndege?"

"Um'mange miyendo."

"Salola nkhuku m'ndege, Papa."

"Wakuuza ndani? Chapa imalola, sitima ya ku Cuamba imalola, ndege ndiye ndani? Ili ndi mapiko ngati nkhuku yomweyo!"

"Ndiye tambalayo ndikam'pereke kwa ndani, poti wofedwa kulibe?"

"Kwa kazembe!"

"Kazembe wafedwa?"

"Mayo ine, mwana uyu!" A Vicente anamenya ndowa ndi chikhatho. "Sukulu yonseyi, bodza limodzi lokha likukukanika? Watengera ndani? Kwathu kulibe munthu wotere!"

Florência anadikira kuti mpweya wawo utsike. Kenaka analankhula mofatsa, monga amachitira nthawi zonse, ngati akuwerenga malangizo a mankhwala.

"Aphunzitsi anati akakugwira bodza amakulemba, sudzapatsidwanso. Anati funso lalikulu ndi limodzi: ukamaliza udzabwerera kwanu? Amafuna umboni woti kuno uli ndi chokubweza."

"Ndiye ukayankha chiyani?"

"Ndikati ndili ndi bambo anga okalamba, akutsokomola, koma safuna kusiya njinga."

"Wokalamba ndani?" Anatsokomola. "Fumbi ili. Ndipo usakandinenere za chifuwa kwa alendo." Anayang'ana matayala a njinga yawo. "Zaka zinayi zija, pa Khirisimasi uzibwera, eti? Ngati ana ophunzira ku Lichinga?"

"Ayi. Tikiti ndi yopita, ina yobwerera ndikamaliza."

"Pa Pasaka?"

"Ayi."

"Palibe njira yachidule? Yodzera kumunda kwa munthu?"

"Pali nyanja, Papa."

Zoona zake, a Vicente anachita mantha. Moyo wawo wonse kunja kunali kutsidya kwa chigayo cha pamalire, koti munthu umapita m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Tsopano anaona kuti kuli kunja kwina kumene njinga singafike, ndipo ukazembe wonse unawathera. Mawu anatuluka aang'ono.

"Nanga ine ndikafa iwe uli komweko?"

"Ndidzapempha akuluakulu a sukulu ndi a pabwalo la ndege kuti andilole ndibwere."

"Udzati chiyani?"

"Ndidzanena zoona. Ndikupita kumaliro."

A Vicente anadumpha, ndowa n'kugubuduka. "Usadzayerekeze! Limenelo ndi bodza la kabaza aliyense, angakukhulupirire ndani? Ine n'kuikidwa iwe palibe! Udzati ukupita kusukulu."